Kodi "Boma la Zomba" la m'nyuzipepala zakale linali boma liti?

Funso

Ndine mphunzitsi wa Chichewa pasukulu ina ya sekondale cha ku Songani kuno ku Zomba. Posanthula sutikesi ya malemu agogo athu tapezamo kachidutswa ka nyuzipepala yakale, kong'ambika kumutu, moti dzina la nyuziyo ndi tsiku lake palibe. Mawu oti boma akupezekamo kanayi. Pena akuti anthu "anapita ku boma kukapereka msonkho", ndipo ndalama zake zili m'mashiling'i. Pena kalaliki wina "akhala pa boma". Kenako "Boma la Zomba lakana pempho la mafumu". Ndipo kumunsi akuti chipatala china "ciri m'manja mwa Boma". Nditawawerengera ana a Fomu 3, agawikana: ena akuti anakanayo ndi DC, ena akuti ndi boma la dziko lonse. Mphunzitsi mnzanga naye akuti BOMA ndi chidule cha mawu a Chingerezi. Tithandizeni, zoona ndi ziti?

Yankho

Aphunzitsi, musafulumire kugawa malikisi, chifukwa magulu onse awiri a ana anuwo ali ndi poimira. Kachidutswa kanuko kali ndi maboma atatu, mwinanso anayi, ndipo mlembi wake sanasokoneze kanthu. Amene ankawerenga nyuziyo idakali yatsopano ankasiyanitsa mabomawo osaganizirako n'komwe, monga mmene inu mumasiyanitsira mtengo wa mkuyu ndi mtengo wa sopo. A lero ndife tiyenera kuchita kufufuza, chifukwa zina mwa zimene mawuwa ankaloza zinasamuka, zina zinatheratu.

Za mnzanuyo tithane nazo msanga. Nkhani yoti BOMA ndi zilembo zoyamba za "British Overseas Military Administration" ndi yofala kuno ndi ku Zambia komwe, ndipo ena amaisinthako n'kumati "British Officers' Mess Area". Kusagwirizana kwakeko kukuulula kale kuti ndi zosokerera pambuyo. Mawuwa ndi a Chiswahili, ndipo kumeneko boma ndi mpanda wotchinjiriza: khola la ng'ombe lozingidwa ndi minga, kapena linga la mitengo lobisalamo anthu pankhondo. Azungu oyendayenda ngati Henry Morton Stanley ankalemba kale mawuwa m'zaka za m'ma 1870, pamene ulamuliro wa Britain m'dziko muno unayamba mu 1891. Nawo Ajeremani ku Tanganyika maofesi awo a ku Bagamoyo ndi ku Mikindani ankatchedwa boma, ndipo Mjeremani sakanatcha nyumba yake dzina loyamba ndi "British".

Nkhani yokoma ndi ya mmene mpanda wa minga unasandukira boma. Harry Johnston atayamba kulamulira dziko lino kuchokera ku Zomba, zaka zake zoyamba zinathera pankhondo, makamaka yolimbana ndi atsogoleri amene ankachita malonda a akapolo: Makanjira kutsidya kwa nyanja, Jalasi kumapiri a Mangochi, Kawinga paphiri la Chikala pafupi nafe pompano, ndi Mlozi ku Karonga, amene anagonjetsedwa mu 1895. Paliponse pamene asilikali ake akhazikika ankamangapo linga, ndipo maina ngati Fort Johnston, Fort Lister ndi Fort Maguire anachokera pamenepo. Mwa asilikaliwo munali Asikh a ku India ndi anthu ochokera cha kunyanja yamchere, a ku Zanzibar ndi Amakua, ndipo Chiswahili chinali chitafika kale kuno ndi amalonda. Linga lotere linkatchedwa boma, ngakhale Chinyanja chinali nawo mawu akeake, linga ndi mpanda. N'chifukwa chake m'zolemba za Chingerezi za zaka zimenezo, monga British Central Africa Gazette imene inayamba kusindikizidwa ku Zomba mu 1894, mawuwa angathenso kuimira linga la mfumu imene akumenyana nayo. Mukawerenga kuti asilikali atentha boma la mfumu yakutiyakuti, palibe ulamuliro umene wapsa. Yapsa ndi mitengo.

Nkhondo zitatha mpanda unawola, koma dzina linatsala pamalopo. Pamene panali linga panakhala mzungu wotolera msonkho ndi woweruza milandu, amene poyamba ankatchedwa Collector, kenako Resident, pomaliza District Commissioner, Bwana DC uja. Tayerekezani mukufika paboma cha m'ma 1940, mutayenda wapansi kuyambira tambala woyamba. Choyamba kuona ndi mbendera pamlongoti. Kenako ofesi ya njerwa ya khonde lalitali, amesenjala a yunifolomu ali pakhondepo kudikira kutumidwa, kalaliki ali pathebulo ndi buku la msonkho ndi mulu wa zitupa, a milandu akhala pansi pamthunzi kudikira kuitanidwa. Kuseri kuli ndende ndi nyumba za apolisi, chapatali pang'ono nyumba ya bwana, kumsewu masitolo a Amwenye. Kwa munthu wakumudzi, mphamvu zonse za atsamunda zinkatulukira pakhonde limenelo. Msonkho unkapita kumeneko, chitupa cha ulendo wa ku Halale chinkachokera kumeneko, womangidwa ankamutengera kumeneko. London anali wongomumva, ndipo ngakhale ku Zomba ambiri sanafikeko. Motero dzina la malo linasanduka dzina la anthu a pamalopo, aboma. Kenako la mphamvu imene inawatuma. Kenakonso la dera lonse limene mesenjala wa pamenepo ankayendamo. Eni ake Aswahili sanapite nawo kutali chotero mawuwa: boma lolamulira dziko iwo amati serikali.

Tanthauzo la mpanda lija m'Chichewa silinamere mizu. Enawo, likabwera latsopano lakale silinkachoka, ndipo ndiwo aunjikana pakachidutswa kanuko.

Chida choyamba chowasiyanitsira ndi timawu ta malo, pa, mu ndi ku, timene akale ankatilemba motalikirana ndi dzina pamene ife lero timaphatikiza. Ziganizo zimene tiwonjezere pa zanuzo ndi zongopanga kuti zikhale zitsanzo. Paboma ndi malo basi, nthawi zonse. Kalaliki wanu amene "akhala pa boma" ndi munthu amene nyumba yake ili cha kufupi ndi ofesi ya DC, ndipo muwauze anawo kuti "akhala" wa m'zolemba zimenezo kawirikawiri ndi "amakhala" wathu. Chiganizocho pachokha sichikunena kuti ankagwira ntchito ya boma, ngakhale n'kutheka. Kalaliki wa m'sitolo ya Mmwenye nayenso ankakhala paboma.

M'boma muli zingapo. Pakatsatira dzina la dera, kapena nkhani ikakhala ya mvula, njala, nthomba, ndiye dera: "m'boma la Zomba mwagwa dzombe". Likayendera limodzi ndi ntchito, monga "analowa ntchito m'boma", ndiye utumiki wa boma, ukalaliki, upolisi, umesenjala. Lija loti chipani "chalowa m'boma" musaliyembekezere m'nkhani zakale kwambiri za dziko lino, chifukwa kufikira chisankho cha mu Ogasiti 1961 panalibe khomo loti chipani n'kulowerapo. Muchenjerenso ndi mnzake wa boma, mawu oti dziko. Akale ankatha kunena "dziko la Chikowi" kutanthauza dera la mfumuyo, kotero "dziko lonse lili ndi njala" nthawi zina ndi midzi ya mfumu imodzi.

Kuboma ndi kumene kumagwetsa anthu ambiri, ndipo pamenepa muyang'ane mneni. Akakhala mneni wa miyendo, kupita, kufika, kuthawira, kutengedwa, ndiye malo. Anthu anu amene "anapita ku boma kukapereka msonkho" anayenda ulendo weniweni, fumbi kumapazi, kukaima pamzere kwa kalaliki uja. Akakhala mneni wa pakamwa kapena wa pepala, kupempha, kudandaula, kulembera, mawuwo ayamba kuchoka pamalo kulowera ku ulamuliro, ndipo mufunse kuti wolankhulayo ndani. Nyakwawa ikadandaula kuboma, yadandaula kwa DC. Bungwe la Nyasaland African Congress, limene linakhazikitsidwa mu 1944, likalembera kuboma, kalatayo ikupita ku Secretariat, maofesi aakulu a boma la dziko lonse, ku Zomba. M'nkhani za milandu muli kamsampha kenanso. Kuyambira mu 1933 mafumu anali ndi mabwalo awo ovomerezeka ndi lamulo, ndipo wosakhutira ndi chigamulo cha mfumu ankakachita apilo kwa DC. "Mlandu wapita kuboma" ndiye kuti wachoka kubwalo la mfumu, wakwera kwa DC. Sikuti boma ndilo likuimba munthu mlandu, monga timamvera lero akamati mboni ya boma kapena loya wa boma.

Chilembo chachikulu musachidalire kwambiri. Alembi ena ankayesa kuika Boma pa ulamuliro ndi boma pa malo, ndipo kachidutswa kanu kakuoneka ngati kakutsata zimenezo. Koma wolemba nkhani, womasulira ndi wosanja zilembo anali anthu osiyana, ndipo nyuzi imodzi yomweyo inkatha kusintha patsamba lotsatira. Chikhale mboni yothandizira, mlandu usagamulidwe ndi icho chokha.

Tsopano pamene ana anu akukanganapo. Pakanalembedwa "boma la Dedza" kapena "boma la Mlanje" sipakanakhala nkhani. Zomba ndiyo inali ndi maboma awiri m'tawuni imodzi kuyambira 1891 mpaka 1975, pamene likulu linasamukira ku Lilongwe. Panali ofesi ya DC, yoyang'anira madera a mafumu a kuno ngati Chikowi, Mlumbe, Malemia, Kuntumanji ndi Mwambo. Panalinso Bwanamkubwa wa dziko lonse ndi Secretariat yake, nyumba ya malamulo imene inayamba mu 1907, malo osindikizira a boma, ndi asilikali a King's African Rifles. Awiriwa anali oyandikana nyumba koma otalikirana udindo: m'zaka za m'ma 1950 mkulu wa DC wa Zomba anali Provincial Commissioner wa chigawo cha kummwera, ndipo iyeyo ankakhala ku Blantyre.

Kuti mudziwe amene anakana, bwererani kukachidutswako muone maina a mafumuwo ngati atchulidwa. Akakhala a kuno okhaokha, DC akadali m'nkhani. Mukangoona M'mbelwa, Mwase, Gomani kapena Kachindamoto pakati pawo, DC wa Zomba watuluka, chifukwa analibe chonena pa mafumu a ku Mzimba, Kasungu, Ntcheu ndi Dedza. Mafumu a madera osiyana ankakumanadi: pakati pa zaka za m'ma 1940 kunakhazikitsidwa makhonsolo a zigawo, ndipo mu 1946 khonsolo ya dziko lonse yotchedwa African Protectorate Council, ndipo mapempho ochokera kumeneko ankapita kwa Bwanamkubwa. Kenako muone chimene anapempha. Mlatho wa pakamtsinje, msika, chitsime, laisensi ya mfuti, izi DC ankatha kuvomera kapena kukana ali pampando wake. Kuchepetsa msonkho, kusintha lamulo la malo, kuthetsa thangata m'maesiteti, kulonga kapena kuchotsa mfumu yaikulu, izi DC ankangozitumiza kumwamba. Chitsanzo chodziwika ndi cha Inkosi Gomani II wa ku Ntcheu, amene anachotsedwa paufumu mu 1953 atakana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ndi kuuza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe. Nkhani ikamati boma linamuchotsa, ikunena Zomba ya Bwanamkubwa Geoffrey Colby, ngakhale kuti ofesi ya DC wa Ntcheu ndiyo inali boma limene anthu akewo ankaliona ndi maso. Mawu oti malimidwe nawonso muwasamale m'nyuzi za zaka zimenezo. Sankangotanthauza kalimidwe kabwino monga lero, koma malamulo okakamiza kupanga mizere ndi migula, amene wowanyozera ankalipitsidwa kapena kumangidwa, ndipo anthu ankadana nawo koopsa.

Ngakhale maina a mafumuwo atang'ambikira limodzi ndi mutu wa nyuzi, ife tikuona kuti ana amene akuti ndi boma la dziko lonse ndiwo ali pafupi ndi choona. Dera silikana pempho, amakana ndi munthu kapena ulamuliro. Mlembi wofuna kunena DC anali ndi dzina lalifupi lodziwika ndi mwana yemwe, Bwana DC. Ndipo munthu amavutika kuwonjezera "la Zomba" pamene pali boma lina loti alisiyanitse nalo.

Linalipodi boma linalo. Kuyambira 1953 mpaka kumapeto kwa 1963 Nyasaland inali m'Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo munthu wa ku Jali kapena ku Chingale anali pansi pa maboma atatu nthawi imodzi: la Zomba, la Chitaganya ku Salisbury (Harare wa lero), ndi la Mangalande ku London. Ntchito anagawana. Apolisi, ma DC, malo, ulimi wa anthu akuda ndi sukulu za ana akuda zinatsala m'manja mwa Zomba. Zaumoyo, positi, kasitomu, asilikali, maphunziro apamwamba ndi sukulu za azungu ndi Amwenye zinapita ku Salisbury. Apa ndi pamene chiganizo chanu chachinayi chikulemerera. Ngati nyuziyo inatuluka Chitaganya chisanayambe kapena chitatha, chipatala chimene "ciri m'manja mwa Boma" akungochisiyanitsa ndi cha mishoni, monga lero timasiyanitsira Zomba Central ndi St Luke's ya ku Malosa. Kwa zaka zambiri mamishoni ndiwo anali ndi sukulu zochuluka ndi zipatala zambiri za kumidzi, kotero "ya boma" ndi "ya mishoni" zinali mbali ziwiri zimene wowerenga aliyense ankaziyembekezera. Koma ngati inatuluka m'zaka khumi za Chitaganya, Boma limenelo ndi la ku Salisbury, ndipo chiganizocho chingakhale cha ndale zenizeni: wina akutamanda Chitaganya kuti chamanga zipatala, kapena wina akudandaula kuti ngakhale mankhwala akulamulidwa ndi azungu a ku Rhodesia. Wosadziwa kugawana kumeneku amatha kuimba mlandu Bwanamkubwa Robert Armitage pa nkhani imene inali ya nduna ya ku Salisbury. Ndiye kuti patsamba limodzi, Boma la pachiganizo chachitatu ndi Boma la pachiganizo chachinayi angakhale maboma awiri otalikirana ndi mayiko.

Poti tatchula Bwanamkubwa, nayenso ndi mbuna. Lero pawailesi timamva "bwanamkubwa wa boma la Zomba" ndipo tonse timadziwa kuti ndi DC. M'nthawi ya atsamunda Bwanamkubwa anali Governor, woimira mfumu ya ku Mangalande, mmodzi yekha dziko lonse. Womaliza anali Glyn Jones. Mwana wa Fomu 3 akawerenga m'nyuzi ya 1959 kuti Bwanamkubwa walamula kuti anthu amangidwe, n'kumaganiza za DC, wasemphana nayo nkhani ya pa 3 Malichi, tsiku limene Armitage analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti ndipo Dr Banda ndi anzake ambiri anamangidwa.

Zonsezi zikutsamira pa chaka, kotero ntchito yaikulu ndi yopezera kachidutswako zaka zake. Muli nazo kale zizindikiro ziwiri. Choyamba ndi "ciri". Kulemba c pamene ife timalemba ch, monga cifukwa, cinthu, Cinyanja, kunali kofala kufikira pamene bungwe la Chichewa Board, lokhazikitsidwa mu 1972, linatulutsa malamulo ake a kalembedwe mu 1973. M'kalembedwe kakaleko ch ankaimira tch wathu, n'chifukwa chake mumapeza nchito m'malo mwa ntchito, ndi Ncheu m'malo mwa Ntcheu. Koma muchenjere mbali ziwiri. Amishoni oyambirira a ku Blantyre ankalemba ch, ndiye ch payekha satsimikiza kuti pepala ndi latsopano. Ndipo ku Zambia c akadalipo mpaka lero. Chachiwiri ndi mashiling'i. Kwacha ndi tambala zinayamba mu 1971, kwacha ziwiri kulowa m'malo mwa paundi imodzi, kotero pepala lanu silingapitirire chaka chimenecho. Kuti mufinye mpatawo, funani mawu ena. Nyasaland kapena Malawi: ufulu unabwera pa 6 Julayi 1964. Nduna Yaikulu: Dr Banda anali paudindo umenewo kuyambira 1963 mpaka 1966, pamene dziko linakhala lipabuliki iye n'kukhala pulezidenti, ndipo "wamuyaya" ndi wa kuyambira 1971. Chinyanja kapena Chichewa: dzina linasinthidwa mu 1968. Maina a maboma nawo amathandiza: Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Manning ndi Mchinji, Fort Hill ndi Chitipa, Cholo ndi Thyolo, Kasupe ndi Machinga. Ndipo kuchuluka kwa msonkho kokhako ndi kalendala, chifukwa unkakwera pang'onopang'ono kuchokera pa mashiling'i 3 a mu 1894, ndipo kukwera kulikonse kunkalengezedwa mu Gazette.

Pa maina a mabomapo pali chinthu chimene chimasocheretsa ofufuza mbiri ya banja. Malire a maboma sanakhale chimodzimodzi. Balaka inali mbali ya Machinga ndipo Phalombe inali ya Mulanje mpaka 1998. Nkhani yakale ikati munthu ndi wa m'boma la Mlanje, mwina mudzi wake lero uli ku Phalombe. Komanso paboma si nthawi zonse pamakhala patawuni yaikulu ya deralo. Machinga boma ndi pena, Liwonde ndi pena. Dowa boma ndi pena, Mponela ndi pena. Mzimba boma si Mzuzu. Kuno ku Zomba tawuni inakula mpaka kumeza boma la DC, moti wa ku Mayaka amangoti akupita kutawuni kapena ku Zomba, pamene wa ku Chiradzulu kapena ku Ntchisi amanenabe kuti akupita paboma.

Za pambuyo pa ufulu sizivuta kwenikweni, koma tanthauzo linatsetserekabe. Dziko litakhala la chipani chimodzi mu 1966, boma ndi chipani zinalowana, ndipo m'nyuzi ngati Malawi News kapena Boma Lathu, imene inkatuluka ku nthambi ya boma yofalitsa nkhani, "woukira boma" akhoza kukhala munthu amene anangosemphana ndi atsogoleri a chipani. Chisankho cha 1994 chitabweretsa zipani zambiri m'nyumba ya malamulo, kunabwera "mbali ya boma" ndi "otsutsa boma", pamene boma ndi chipani cholamula, ndipo pamisonkhano ya ndale anthu akamafuula kuti "Boma ilo!" akuloza munthu mmodzi amene waima pansanja. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo, imene inatsalira ku Zomba likulu litasamuka, nayo inapita ku Lilongwe. Lero "boma la Zomba" ndi dera basi, ndipo mtolankhani wofuna kunena ulamuliro ndi dzina la malo amati Capital Hill.

Musaiwale kuti si nyuzi yonse ya Chinyanja imene inasindikizidwa kuno. Agogo ambiri anagwirako ntchito kunja ndipo ankabwera ndi mapepala m'masutikesi momwemo. Msimbi inali nyuzi ya boma la Nyasaland, koma Bwalo la Nyasaland inkasindikizidwa ku Salisbury, ndipo Mutende, imene inayamba mu 1936 ndipo inali ndi masamba a Chinyanja, inali ya boma la Northern Rhodesia. Boma lopanda dzina mu Mutende ndi la ku Lusaka. Nyuzi yosindikizidwa kunja ndi imenenso ingakhale ndi chifukwa chabwino cholembera "Boma la Zomba", pofuna kulisiyanitsa ndi la kumene iyo ili. Ndipo mukadzakumana ndi "ku Boma" m'nkhani ya ku Congo, umenewo ndi mzinda wa m'mbali mwa mtsinje wa Congo umene unali likulu Léopoldville (Kinshasa wa lero) isanatenge malo, ndipo dzina lake silikukhudzana ndi boma lathuli.

Mwayi wanu ndi woti muli ku Zomba. National Archives of Malawi ili m'tawuni momuno, ndipo ndi kumene kumasungidwa nyuzipepala zakale, Gazette, ndi malipoti a pachaka a ma DC. Mapepala ambiri a Secretariat a zaka zoyambirira anapsa ndi moto mu 1919, koma zaka za kachidutswa kanu zili kuno kwa motowo. Laibulale ya University of Malawi nayo ili ndi gawo la zolembedwa za dziko lino, ndipo za kalembedwe mukhoza kufunsa ku Centre for Language Studies, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996. Nkhani zambiri za m'nyuzi za boma zinkalembedwa kaye m'Chingerezi kenako n'kumasuliridwa, ndipo Chingerezicho chinali ndi mawu osiyana, Government, District, Boma, Federal, pamene womasulira anaika boma ponseponse. Mukapeza chaka, funani nkhani yomweyo mu Nyasaland Times ya masabata amenewo, ndipo mudzaona kuti boma lililonse la pakachidutswako linali liwu liti.

Musanapite, tembenuzani kachidutswako. Kuseri kwake nthawi zambiri kumanena zambiri kuposa kumaso: malonda a njinga kapena sopo ali ndi mtengo ndi keyala ya sitolo, chilengezo cha Wenela choitana anthu kumigodi ya ku Joni, kapena kamzere kakang'ono kumunsi konena amene anasindikiza ndi mzinda wake. Jambulani mbali zonse ziwiri ndi foni, rula ili pambali, chifukwa kukula kwa mizati ya nkhani ndi mtundu wa zilembo zimathandiza kuzindikira nyuzi mukaziyerekeza ndi mabuku omangidwa a ku Archives. Pepala lenilenilo lisiyeni kunyumba, loyalidwa pakati pa mapepala awiri oyera m'failo, kutali ndi dzuwa ndi chinyezi. Selotepi musaikepo, imasiya guluu amene amasanduka wachikasu n'kulowerera m'pepala, ndipo musalole kuti wina alimate m'pulasitiki yotenthetsa ija, chifukwa ikamata siimatukanso.